Penshoni, gratuity ndi severance: ndalama zitatu zomwe timazitcha dzina limodzi

Kampani ikangolengeza kuti ichepetsa antchito, kapena bungwe likauza anthu ake kuti ndalama za pulojekiti zatha, funso lomwe limayamba kuzungulira m'maofesi ndi pa WhatsApp limakhala limodzi: "Nanga mabenefiti athu atipatsa zingati?" Mayankho ndiye amachuluka. Wina amati aliyense wochoka pa ntchito amalandira severance, ndalama yomwe bwana amapereka akathetsa ntchito ya munthu. Wina amati severance inatha kalekale, penshoni ndi yomwe inalowa m'malo mwake. Winanso amati mlamu wake analandira gratuity, ndalama yothokoza pa kutha kwa ntchito, ndiye kuti aliyense alandiranso. Onse atatuwa akunenako zoona, koma palibe amene wafika nazo kumapeto.

Vuto ndi lakuti m'mawu oti mabenefiti timaunjikamo ndalama zitatu zosiyana, iliyonse ndi lamulo lake. Chomwe chimanena kuti munthu alandira iti mwa zitatuzi si kukula kwa malipiro ake. Ndi mtundu wa mgwirizano womwe anasaina polowa ntchito, komanso momwe ntchitoyo yathera. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika kwa wachinyamata amene wangolandira kalata yake yoyamba ya ntchito, chimodzimodzi kwa bambo kapena mayi amene wakhala pa kampani imodzi zaka 15 ndipo akuganiza zosamukira kwina.

Mgwirizano wa ntchito uli m'mitundu itatu

Lamulo lalikulu pa nkhani za ntchito m'Malawi muno ndi Employment Act ya chaka cha 2000. Linabwera potsatira malamulo oyendetsera dziko a 1994, omwe m'gawo 31 amati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulipidwa moyenera. Lamuloli lisanabwere, bwana ankatha kungopereka notisi n'kumuuza munthu kuti ntchito yatha, osafunika kufotokoza chifukwa. Lero pamafunika chifukwa chomveka.

Lamuloli limazindikira mitundu itatu ya mgwirizano. Woyamba ndi wopanda tsiku lothera, umene ambiri timati ntchito ya pemanenti. Wachiwiri ndi wa nthawi yoikika, chaka chimodzi kaya zaka zitatu, womwe ndi wofala m'mabungwe omwe si aboma chifukwa nawonso ndalama zawo zimabwera pulojekiti ndi pulojekiti. Wachitatu ndi wa ntchito inayake yodziwika, monga kumanga mlatho kapena kuchita kafukufuku, ndipo umatha ntchitoyo ikatha.

Tikamati "ndili pa kontirakiti" nthawi zambiri timatanthauza mtundu wachiwiriwu, ngati kuti wa pemanenti alibe kontirakiti. Naye ali nayo. Kusiyana kwake kuli pa mathero. Wa pemanenti ntchito yake singathe popanda wina kuithetsa, ndipo woithetsayo akakhala bwana ayenera kupereka chifukwa. Wa nthawi yoikika tsiku likakwana mgwirizano umatha wokha, palibe amene wachotsa mnzake.

Apa pali kamfundo kamene ambiri sakadziwa. Lamulo linaoneratu kuti ena angamalembe anthu pa makontirakiti afupiafupi n'kumangowawonjezera chaka ndi chaka pofuna kuzemba udindo. Ndiye limati ngati mgwirizano wa nthawi yoikika ukugwiritsidwa ntchito podzaza mokhalitsa mpando womwe ndi wa ntchito za masiku onse za kampaniyo, mgwirizanowo uziwerengedwa ngati wopanda tsiku lothera. Wowerengera ndalama amene wakhala pa desiki yomweyo zaka zisanu ndi chimodzi, n'kumasaina pepala latsopano Januwale aliyense, akhoza kukhala wa pemanenti pamaso pa lamulo ngakhale pepala lake likunena zina. Komabe si iye kapena bwana wake amene angagamule zimenezi. Pakabuka mkangano, khothi ndi lomwe limaunika.

Chinanso, bwana yemwe ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo ayenera kupereka zolembedwa zofotokoza malipiro, maola, tchuthi ndi notisi pasanathe mwezi munthu atayamba ntchito. Mawu oti "yambani kaye, kalata tikupatsani" ali ndi malire ake.

Probation

Iyi ndi nthawi yoyesana. Bwana amaona ngati munthu akuitha ntchito, nayenso wantchito amaona ngati malowo akumuyanja. Lamulo limati pa ntchito zofuna luso mbali ziwirizi zikhoza kugwirizana kutalika kwa nthawiyi, koma isapitirire miyezi 12. M'makampani ambiri imakhala miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi.

Chofunika kuchimvetsa ndi ichi: pa nthawi ya probation aliyense mwa awiriwa akhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi, ndipo wochoka pa nthawiyi salandira severance. Yerekezani ndi munthu wolipidwa pa mwezi yemwe anatsimikizidwa kale pa ntchito: iyeyo amayenera notisi ya mwezi wathunthu, kapena malipiro a mwezi umodzi m'malo mwa notisiyo. Ndiye amene akusiya ntchito yomwe wakhalapo zaka zambiri chifukwa kwina amulonjeza malipiro okwererapo, adziwe kuti miyezi yoyambirira kumalo atsopanowo adzakhala wosatetezedwa ngati kale, ndipo zaka zake zowerengera severance zidzayambiranso pa ziro. Izi sizikutanthauza kuti asasamuke. Kungoti powerengera phindu la ntchito yatsopanoyo, mbali iyinso ilowe m'masamu.

Internship ndi nkhani ina. Boma linayambitsa pulogalamu yotumiza achinyamata omaliza maphunziro a ukachenjede m'maofesi osiyanasiyana mu 2018, ndipo makampani ndi mabungwe nawonso ali ndi mapulogalamu awo. Cholinga chake ndi kuphunzira ntchito, ndipo ndalama yomwe amalandira imatchedwa alawansi, osati malipiro. Probation imathera pa kutsimikizidwa kapena kukanidwa, pomwe internship imangotha, popanda lonjezo lililonse la ntchito.

Penshoni: ndalama yanu, koma yotsekeredwa

Chaka cha 2011 chisanafike, kukhala ndi penshoni m'makampani kunali kufuna kwa bwana. Makampani akuluakulu ndi mabanki anali nayo, ambiri analibe. Pa nthawiyo chitetezo cha munthu wochoka pa ntchito chinali severance, yomwe inkaperekedwa pa zifukwa zambiri kuposa lero. Olemba ntchito omwe ankasonkhera antchito awo penshoni ankadandaula kuti akulipira kawiri, penshoni uku severance uku, ndipo milandu yambiri inafika m'makhothi pa mfundo imeneyi. Pofuna kuthetsa mkanganowu, Nyumba ya Malamulo inasintha Employment Act mu 2010 n'kukhazikitsanso lamulo la penshoni, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2011. Kuyambira pamenepo penshoni inakhala yokakamiza, ndipo severance inapanikizidwa kuti izituluka pa zifukwa zochepa chabe. Mu 2023 lamulo la penshoni linalembedwanso mwatsopano.

Kasonkhedwe kake n'kosavuta. Bwana amaika ndalama zosachepera K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, wantchito amadulidwa zosachepera K5 pa K100 iliyonse. Tiyerekeze munthu wolandira K400,000 pa mwezi: bwana aika K40,000, iye adulidwa K20,000, pamodzi K60,000 mwezi uliwonse, yomwe ndi K720,000 pa chaka tisanawerengere phindu lomwe ndalamazo zimabereka. Ndalamazi sizikhala ku kampani. Zimatumizidwa kwa oyendetsa thumba la penshoni monga Old Mutual kapena NICO, ndipo woyang'anira onsewa ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi gavanala wa banki yaikulu ya Reserve.

Penshoni ili ngati nkhokwe yomwe inu ndi bwana mumathiramo chimanga mwezi ndi mwezi, koma yomangidwa pa bwalo la munthu wachitatu, ndipo kiyi wake ali ndi lamulo. Chimangacho ndi chanu. Bwana sangachitenge chifukwa mwayambana, ngakhale atakuchotsani ntchito chifukwa cha mlandu. Koma inunso simungatsegule tsiku lililonse lomwe njala yavuta.

Khomo lalikulu lotsegulira ndi kupuma pa ntchito, ndipo zaka zochepetsetsa zopumira zomwe lamulo limalola ndi 50. Palinso makomo ena: matenda olepheretsa munthu kugwira ntchito, kusamuka m'dziko muno osadzabweranso, ndi imfa. Munthu akapuma sapatsidwa zonse nthawi imodzi, pokhapokha zikakhala zochepa kwambiri. Lamulo lakale linkalola kutenga K40 pa K100 iliyonse nthawi imodzi, la 2023 linakweza kufika pa theka, ndipo zotsalazo zimabwera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Amene ntchito yamuthera asanafike zaka zopumira akhoza kupempha gawo la ndalamazo akakhala osapeza ntchito ina kwa miyezi itatu. Kale ankadikira miyezi isanu ndi umodzi. Koma ndi gawo chabe, zomwe ankasonkha bwana zimadikirabe zaka zopumira. Amene wangosamuka ntchito, penshoni yake imamutsatira: akhoza kuisamutsira ku thumba lomwe bwana watsopano amagwiritsa ntchito.

Zinthu ziwiri zazing'ono zimavutitsa anthu kuposa zonsezi. Choyamba chili pa payslip, kapepala kosonyeza malipiro anu a mwezi ndi zomwe zadulidwa. Mzere woti penshoni yadulidwa K20,000 umangosonyeza kuti ndalama yachoka pa malipiro anu, susonyeza kuti yafika ku thumba. Banki ya Reserve yakhala ikudandaula poyera kuti olemba ntchito ambiri amadula ndalamazi koma osazitumiza, ndipo anthu ena amadzazindikira zimenezi ntchito itatha kale. Umboni weniweni ndi sitetimenti yochokera kwa oyendetsa thumba, yomwe membala aliyense ali ndi ufulu woipempha.

Chachiwiri ndi fomu yosankhira olandira ndalama mwini wake akamwalira. Imadzazidwa sabata yoyamba, pakati pa mafomu ena ambirimbiri, munthu mutu uli pa chisangalalo chopeza ntchito. Mnyamata wa zaka 24 amalembapo mayi ake ndi mng'ono wake, ndipo n'zomveka. Zaka khumi zikadutsa ali ndi mkazi ndi ana atatu, koma fomu ija ili momwe inalili mu kabati ya ofesi yoona za antchito (HR). Fomuyi ndi yolemera, chifukwa kuwonjezera pa penshoni, lamulo limakakamiza bwana kugulira wantchito aliyense inshulansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Kuisintha sikutenga ola.

Pokambirana malipiro a ntchito yatsopano, funsaninso kuti penshoni aziwerengera pa nambala iti. Makalata ena amaika malipiro enieni ochepa n'kuunjika ndalama zambiri m'maalawansi. Zolowa m'thumba mwezi uno zikhoza kufanana ndi za kampani ina, koma zopita ku penshoni n'kusiyana kutali.

Severance: imatengera momwe ntchito yathera

Severance allowance ndi ndalama yomwe bwana amapereka kuchokera m'thumba lake ntchito ikatha pa zifukwa zomwe si za wantchito. Chisinthireni lamulo mu 2010, imaperekedwa munthu akachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito, mpando wake wathetsedwa, kampani ili pa mavuto a zachuma kapena yasintha kagwiridwe ka ntchito, komanso akachotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha ntchito salandira. Wochotsedwa moyenera chifukwa cha khalidwe lake salandira. Wopuma chifukwa cha zaka naye salandira, pakuti wake ndi penshoni.

Kawerengedwe kake kamakwera ndi zaka. Pa zaka zisanu zoyambirira, munthu amalandira malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu. Kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10 ndi masabata atatu pa chaka, ndipo kuyambira chaka cha 11 kupita m'tsogolo ndi masabata anayi. Amene wagwira zaka 7 alandira masabata 10 a zaka zisanu zoyamba, kuwonjezapo masabata 6 a zaka ziwiri zotsatira, onse pamodzi malipiro a masabata 16. Amene sanakwanitse chaka salandira kanthu. Ndalamayi ndi yapadera: silowa m'malo mwa notisi, masiku a tchuthi omwe munthu sanapite, kapena penshoni.

Tsopano taonani chifukwa chake mawu olembedwa pa kalata yomaliza ali ofunika chonchi. Zimachitika kuti munthu amaitanidwa mu ofesi, chitseko n'kutsekedwa, n'kuuzidwa mofatsa kuti: "Achimwene, zinthu sizikuyenda bwino pano. Kuti mbiri yanu isaipe, ingolembani kalata yosiya ntchito nokha, ife tikulemberani reference yabwino yokuchitirani umboni kwina." Nthawi zina malangizowa amakhaladi achifundo, makamaka ngati munthuyo ali ndi mlandu woti akanachotsedwa nawo. Koma ngati chifukwa chenicheni n'chakuti kampani ikuchepetsa anthu, kalata imeneyo yasandutsa munthu woyenera severance kukhala wosiya yekha. Lamulo limazindikira kuti munthu akhoza kukakamizika kusiya ntchito chifukwa cha zochita za bwana, ndipo limawerengera zimenezi ngati kuchotsedwa. Kungoti zikatero, wantchitoyo ndi amene amayamba kusonyeza kuti sanachoke mwa kufuna kwake, pomwe akachotsedwa mwachindunji ndi bwana amene ayenera kutsimikizira khothi kuti chifukwa chinalipo, ndiponso kuti munthuyo anapatsidwa mpata wodziteteza.

Pa za reference yomweyo, lamulo limapatsa aliyense wochoka pa ntchito ufulu wopempha satifiketi yosonyeza komwe ankagwira, udindo wake, nthawi yomwe wakhalapo ndi malipiro ake. Chifukwa chochokera komanso maganizo a bwana pa kagwiridwe kake ka ntchito zimalembedwamo pokhapokha mwini wake atapempha. Kwa amene akukafunsira ntchito kwina, pepala limeneli ndi lothandiza, ndipo silitengera kuti munasiyana bwino kapena ayi.

Amene akuona kuti wachotsedwa mopanda chilungamo amayamba wakadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lake pasanathe miyezi itatu. Zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khothi la milandu ya pa ntchito, lomwe lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Khothili likhoza kulamula kuti munthu abwezeretsedwe pa ntchito kapena apatsidwe chipukutamisozi, chomwenso n'chosiyana ndi severance.

Gratuity ili pawiri

Pali gratuity ya lamulo ndi gratuity ya mgwirizano, ndipo kusokonezeka kwambiri kumachokera pamenepa.

Ya lamulo inabwera ndi kusintha kwa 2010 komwe kuja. Magulu ena a antchito sanalowetsedwe mu penshoni yokakamiza, monga antchito a m'nyumba ndi ogwira ntchito za nyengo. Kuti asachoke chimanjamanja, bwana wawo amayenera kuwapatsa K5 pa K100 iliyonse ya malipiro a pa mwezi, pa mwezi uliwonse womwe agwira. Wantchito wa m'nyumba wolandira K100,000 amene wagwira miyezi 24 ayenera K120,000. Ambiri mwa ife timawerenga malamulowa ngati antchito, n'kuiwala kuti kunyumba ndife mabwana a wolera ana ndi mlonda.

Ya mgwirizano ndi yomwe bungwe kapena kampani imalonjeza yokha m'kalata, kuti kontirakiti ikatha mudzalandira chakuti. Kuchuluka kwake kumatengera zomwe munasainirana, ndipo ngati m'kalatamo mulibe, palibe lamulo lomwe lingaibweretse. Mlamu uja analandira gratuity chifukwa kalata yake inali nayo, osati chifukwa aliyense wa pa kontirakiti amalandira.

Zomwe zikadali pa mkangano

Nkhani yotenga penshoni msanga sinathe ndi lamulo la 2023. Antchito ambiri, pamodzi ndi mabungwe awo, amati ndalama ndi zawo ndipo munthu amene ntchito yamuthera ali ndi zaka 35 sangadikire zaka 15 ana akusowa fizi. Amaonjezanso kuti kwacha ikugwa mphamvu: inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye ndalama yosungidwa lero idzagula chiyani ikadzatuluka? Oyang'anira penshoni amayankha kuti cholinga cha thumbali ndi ukalamba, ndipo likatsegulidwa nthawi iliyonse anthu adzafika zaka zopumira opanda kalikonse, n'kukhala mtolo kwa ana awo ndi boma. Malire oyenera ali pati pakati pa mavuto a lero ndi a ukalamba?

Funso lachiwiri ndi la ndalama zomwe zinadulidwa koma osatumizidwa. Lamulo lili ndi zilango, koma kampani ikagwa isanabweze ngongoleyo, wantchito amene ankadulidwa mokhulupirika mwezi ndi mwezi adzazipeza kuti? Olemba ntchito ena nawo amati sakana udindowu, koma bizinesi ikamavuta amasankha kulipira malipiro kaye kuti anthu asachotsedwe.

Pa kuchepetsa antchito, sizinakhazikike bwinobwino kuti bwana ayenera kukambirana ndi antchito mpaka pati asanapange chiganizo. Makhothi aperekapo zigamulo zosiyana pa mfundoyi. Chimodzimodzi makontirakiti owonjezeredwa chaka ndi chaka: mabungwe amati sangalonjeze ntchito yokhalitsa pomwe opereka thandizo amawapatsa ndalama za chaka chimodzi, antchito amati ntchito yomwe akugwira ndi yomweyomweyo kwa zaka zambiri. Kodi kontirakiti iwonjezeredwe kangati kuti munthu awerengedwe wa pemanenti? Lamulo silinaike nambala.

Nanga wa internship amene wakhala chaka chachiwiri akugwira ntchito yofanana ndi ya wolembedwa, akadali wophunzira kapena wasanduka wantchito? Nanga wachinyamata wa ku Area 25 amene akugwirira ntchito kampani ya ku London pa intaneti, n'kumalipidwa ngati wodziimira payekha, lamulo la dziko liti likumuteteza, ndipo penshoni amusonkhera ndani? Pomaliza pali funso la Amalawi ochuluka zedi omwe ali m'minda, m'misika, pa kabaza ndi m'maganyu, opanda kalata ya ntchito ngakhale imodzi. Lamulo limalola munthu kudzisonkhera yekha penshoni mwa kufuna kwake, koma sizikudziwika kuti ndi njira iti yomwe ingakope munthu amene ndalama yake imabwera lero, mawa osabwera, kuti azisonkha mwezi ndi mwezi.